Kodi Nthaŵi ya Wofufuza Njayani?

1, 2. (a) Kodi anthu a ku Kambuzuma anayang'anizana ndi mkhalidwe wotani mu 2019? (b) Kodi ntchito ya maganizo imasiyana motani ndi ya mlimi kapena ya mmisiri?

M'CHAKA cha 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi m'Zimbabwe ankazima kufikira maola 18 patsiku. M'makomboni a Harare, monga Kambuzuma, kumadzulo kwa mzindawo, kaŵirikaŵiri ankabwera cha m'ma 10 koloko usiku ndi kuzimanso kusanache. Chotero panthaŵi imene anthu anayenera kukhala m'tulo, mazenera ankayamba kuŵala. Wowotcherera zitsulo ankadzuka kukagwira ntchito yake, mayi ankasita zovala za ana za kusukulu, ndipo m'chipinda china, pakati pa ana ogona pansi, munthu wina ankatsegula kompyuta ndi kuyamba kulemba.

2 Munthu ameneyo angakhale anali mphunzitsi wokonza phunziro la maŵa, wotembenuza mabuku, mtolankhani, kapena wophunzira wa pa University of Zimbabwe amene masana anakwera makombi aŵiri popita ku Mount Pleasant ndi aŵiri pobwerera. Mu 1959 Peter Drucker, wolemba za kayendetsedwe ka ntchito, anasonyeza kuti anthu a mtundu umenewu, amene chipangizo chawo chachikulu ndicho chidziŵitso, adzachuluka kwambiri. Zimenezo zachitikadi. Komabe ntchito yawo ili ndi mbali ina yachilendo: siioneka. Mizere ya mlimi imaŵerengeka dzuŵa likamaloŵa, ndipo khoma la mmisiri limakwera aliyense akuona. Koma kodi ndani angadziŵe ngati munthu wokhala chete patebulo akuganiza kapena akungolota?

3. Kodi ndi funso lotani limene lifunikira yankho?

3 Popeza kuti alibe kapitawo womuyang'anira, munthu wotero amakhala kapitawo wa iye mwini. Zimenezi zimadzutsa funso lokhudza makhalidwe abwino. Ngati wofufuza awawanya mmaŵa wonse, kodi wangodzimana yekha, kapena walakwira munthu wina? Ambiri angayankhe kuti: 'Nthaŵiyo njake, aitaye mmene afunira.' Koma kodi zilidi tero? Yankho lake limakhudza aliyense amene amadyera mutu wake, kaya ali ku Harare, ku Lusaka, ku Zomba, kapena ku Tete. Kuti lipezeke, nkothandiza kupenda zimene zinachitika m'Kambuzuma momwemo zaka zoposa 30 zapitazo.

Nthaŵi Yobwereka

4. Kodi ndi kufufuza kotani kumene kunachitidwa ku Kambuzuma, ndipo kunasonyeza chiyani?

4 Mu 1991 boma la Zimbabwe linayamba programu yosintha kayendetsedwe ka chuma yotchedwa ESAP. Boma linasiya kulamulira mitengo ya zinthu zambiri, chithandizo chotsitsa mtengo wa zakudya chinachotsedwa pang'onopang'ono, ndipo makolo a m'matauni anayambanso kulipirira ana awo sukulu ya pulaimale. Ndiyeno mu 1992 kunagwa chilala choopsa. M'nyengo imeneyo wofufuza wina, Nazneen Kanji, anasankha Kambuzuma kuti aone mmene masinthidwewo anayambukirira mabanja wamba. Mabanjawo anafunsidwa mu 1991, ndipo chaka chotsatira anafikiridwanso. Zimene anapeza, zofalitsidwa mu 1993 ndi mu 1995, zinasonyeza kuti mabanja anachepetsa chakudya ndi kuti mtolo wolemera koposa unagwera akazi ndi osauka.

5, 6. Kodi ndani amene amalipira kuti wofufuza agwire ntchito yake?

5 Tsopano talingalirani mbali imene siilembedwa kaŵirikaŵiri m'malipoti. Kufufuza kwa mtundu umenewo kumatheka kokha chifukwa chakuti munthu wina wavomera kuima. Mayi amene akanakhala pamsika ndi tomato wake, kapena pamakina ake osokera, amaika ntchitoyo pambali, nakokera mlendo mpando, ndi kuyamba kufotokoza za mtengo wa ufa, za lendi, ndi za ngongole zimene ngakhale anansi ake sazidziŵa. Ola limenelo silibwezedwa. Iye amalipereka pokhulupirira kuti mawu ake adzafika kwinakwake ndi kuthandiza winawake. Ngati mapepalawo akanatha zaka ali m'katoni kunsi kwa bedi, kodi wotayikiridwa akanakhala wofufuza yekha? Kutalitali! Kufufuza kwa ku Kambuzuma kunakhala kwaphindu chifukwa chakuti kunamalizidwa ndi kufalitsidwa ESAP idakali mkati, pamene umboni wake unali kufunika.

6 Palinso ena amene wofufuza amabwerekako nthaŵi. Nyumba za ku Kambuzuma, komboni imene inamangidwa m'ma 1960, zinayamba zili zazing'ono, ndipo eniake anazikuza chipinda ndi chipinda, ambiri nalandiramo anthu ochita lendi. M'nyumba yotero, kuti mmodzi aŵerenge, ena amalipira. Ana amauzidwa kutsitsa mawu. Mlongo wake amakaima pamzera wa pamjigo m'malo mwake. Mnzake wa muukwati amasenza ntchito za anthu aŵiri. Ndiponso pali amene analipirira maphunzirowo: makolo amene mwinamwake anagulitsa ng'ombe, kapena okhoma msonkho amene sadzaona konse mkati mwa yunivesite. Onseŵa ali ndi gawo m'maola a munthu wokhala patebulo uja.

7. Kodi nthaŵi ya wantchito wa maganizo ingayerekezeredwe ndi chiyani, ndipo nchifukwa ninji?

7 Chotero nthaŵi ya wantchito wa maganizo imafanana ndi mbewu yobwereka kwa mnansi. Wobwerekayo ndiye amasankha munda ndi tsiku lobzala, ndipo palibe amene amamtsatira kumundako. Komabe iye amadziŵa kuti akakazinga mbewuyo ndi kuidya, mlandu udzakhalapo pamasika. Munthu woona nthaŵi mwanjira imeneyi samangofuna kudziŵa mmene angapindulire ndi tsiku lake. Amadzifunsanso kuti: 'Kodi ndikuchita mokhulupirika ndi chimene ena andiikiza?' Ndandanda, wotchi, ndi kabuku kolembamo zochita zimangokhala zipangizo. Muzu wa nkhaniyo ndiwo kuona mtima.

Ntchito Imene Singadikire

8. Kodi nchifukwa ninji kuzengereza kuli konyenga?

8 Njira yofala koposa yodyera mbewu imeneyo ndiyo kuzengereza. Nkonyenga chifukwa chakuti wozengereza sakhala manja lende. Amayankha mauthenga, amalongosola mafaelo, amaŵerenganso nkhani ina 'yokonzekera,' ndipo madzulo amatopadi. Chimene wapeŵa ndicho ntchito imodzi yovuta, imene ilibe tsiku loikika ndi imene palibe akuifuna lero. Zinthu zazing'ono zimagogoda pachitseko, pamene zazikulu zimadikira mwakachetechete. Koma kudikira kwake kuli ndi polekezera, ndipo nchifukwa chake mwambi umachenjeza kuti zengerezu analinda kwaukwau.

9. Kodi mbiri ya matchona imasonyeza motani kuti ntchito ina singadikire?

9 Chitsanzo chake chili m'makomboni omwewo. Kwa zaka makumi ambiri, amuna zikwizikwi a ku Nyasaland, ku Mozambique, ndi ku Northern Rhodesia anapita ku Southern Rhodesia kukafuna ntchito, ena pansi, ena pamalole a Ulere, ena kupyolera mwa Mthandizi. Ambiri sanabwerere kwawo, nakhala matchona, ndipo ana ndi adzukulu awo akali ku Mbare, Highfield, Rugare, Mufakose, ndi Kambuzuma. Olemba mbiri monga Anusa Daimon ndi Zoë Groves alemba za anthu ameneŵa, komabe zosimba zikali zambiri. Mnyamata amene anafika ku Salisbury mu 1955 ali ndi zaka 20 anakwanitsa zaka 90 mu 2025, ngati anali akali moyo. Makalata osungidwa ku National Archives of Zimbabwe, pamsewu wa Borrowdale, angadikire chaka china. Koma gogo wokumbukira njira imene anadzera, dzina la mudzi wake, ndi anzake amene anatsala m'njira sangalonjeze zimenezo.

10. Kodi chitsanzo cha Samuel Ntara chimaphunzitsa chiyani ponena za kusankha chochita choyamba?

10 Samuel Josiah Ntara wa ku Malaŵi anachita mogwirizana ndi mfundo imeneyi. Iye anali mphunzitsi, wokhala ndi ntchito yake ya masiku onse, komabe anapatula nthaŵi yolemba. Buku lake lakuti Nthondo linatuluka mu 1933, ndipo pambuyo pake anasonkhanitsa kwa akuluakulu nkhani zimene zinakhala buku lakuti Mbiri ya Achewa, limene linatuluka m'Chingelezi mu 1973. Akuluakulu amene anamsimbira nkhanizo anapita kalekale, koma mawu awo akali kuŵerengedwa. Chotero posankha chochita choyamba, nkwanzeru kufunsa kuti: 'Kodi nchiyani chimene chidzatayika kotheratu ngati sichichitidwa tsopano?' Ntchito imeneyo iyenera kupatsidwa maola abwino koposa a tsiku, osati makombo ake.

Kuona Mtima Poŵerengera Masiku

11. Kodi ndi kudzinyenga kotani kumene kumagwira ngakhale akhama? Perekani zitsanzo.

11 Pali kudzinyenga kwina kumene kumagwira ngakhale akhama. Anthu amaganiza kuti ntchito idzatha msanga kuposa mmene imatheradi. M'kufufuza kofalitsidwa mu 1994, Roger Buehler ndi anzake ku Canada anafunsa ophunzira a payunivesite masiku amene adzafunikira kuti atsirize pepala lawo lalikulu lomaliza maphunziro. Avareji ya mayankho awo inali masiku pafupifupi 34. Atauzidwa kuyerekezera kuti zonse zayenda moipa, anatchula masiku pafupifupi 49. Koma kwenikweni anatenga masiku oposa 55! Akatswiri nawonso sapulumuka. Pamene James Murray anayamba kukonza Oxford English Dictionary mu 1879, kunalingaliridwa kuti ntchitoyo idzatenga zaka 10. Patapita zaka 5 mbali yoyamba inatuluka, isanamalize ngakhale chilembo A. Dikishonaleyo inatha mu 1928, Murray atamwalira kale mu 1915.

12. Kodi ndi liti pamene kuphonya tsiku kumakhala ndi mlandu?

12 Kodi kuphonya kotero kuli ndi mlandu? Kuphonya kamodzi kulibe. Koma tsiku limene munthu atchula limakhala lonjezo, ndipo ena amamangapo zolinganiza zawo. Wosindikiza amasunga malo, woyang'anira maphunziro amapatula mlungu woŵerenga, ndipo banja limauzidwa kupirira 'mwezi uno wokha.' Munthu amene waphonya kasanu, ndiyeno atchulanso tsiku losatheka kuti akondweretse womfunsa, salinso wongolakwitsa. Wayamba kunena zimene iye mwini ali ndi chifukwa chozikayikira. Nzodabwitsa kuti wofufuza amene sangalole nambala imodzi yonama m'lipoti lake angakhale wosasamala chotero ndi manambala a pakalendala yake.

13. Kodi wofufuza angaphunzire motani kulonjeza zotheka?

13 Mankhwala ake ali m'manja mwa wofufuzayo, pakuti ndiwo luso lake lomwe la kusonkhanitsa umboni. Drucker analangiza kuti munthu ayambe mwa kulemba kumene nthaŵi yake imapitadi, popeza chikumbukiro chimanyenga. Milungu iŵiri ya kulemba moona mtima ingavumbule kuti 'tsiku lathunthu la ntchito' linali ndi maola aŵiri okha a kuganiza kwenikweni. Ndiyeno polonjeza, iye ayang'ane ntchito yapita: Kodi chaputala chapitacho chinatenga milungu ingati? Wokhala ku Kambuzuma adzaŵerengeranso zimene amadziŵa kuti zimachitika, monga kuzima kwa magetsi, kusoŵa kwa madzi, ndi maola othera pamsewu. Zimenezi si ngozi zodzidzimutsa. Kuzisiya kunja kwa ndandanda kuli ngati kumanga nkhokwe popanda kuŵerengera mvula.

Pamene Kufulumira Kubala Chinyengo

14, 15. (a) Kodi "kuphika madata" nchiyani, ndipo ndani amavulala nako? (b) Kodi wolinganiza nthaŵi ya ena ali ndi thayo lotani?

14 Masiku oŵerengeredwa molakwa amabala kuthamanga, ndipo kuthamanga kumatsegulira chiyeso khomo. Ku Malaŵi, anthu ogwira ntchito yofunsa mafunso m'midzi ali ndi mawu akuti "kuphika madata." Amatanthauza kudzaza mayankho pafomu popanda kufunsa munthu aliyense, mwinamwake wofunsayo atakhala pamthunzi wa mtengo. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Cal Biruk, anafotokoza za mawuŵa m'buku la mu 2018 lakuti Cooking Data, lonena za kufufuza za umoyo m'Malaŵi. Nambala yophikidwa siikhala pafomupo. Imaloŵa m'kompyuta, ndiyeno m'lipoti, ndipo potsirizira pake ingathandize kugamula kumene mankhwala kapena chakudya chidzatumizidwa. Ola limene wofunsa 'anapulumutsa' lingalipiridwe ndi mudzi wathunthu.

15 Komabe sikungakhale chilungamo kuloza chala wantchito wamng'ono yekha. Ngati mkulu wokhala muofesi alamula kuti mabanja ochuluka afunsidwe patsiku, osaŵerengera mitunda, matope, maliro, ndi eninyumba amene apita kumunda, iye ndiye wasonkha moto wophikirawo. Wolinganiza nthaŵi ya ena ali ndi thayo loŵirikiza. Ayenera kufunsa awo amene amayenda m'njiramo za utali umene ntchitoyo imatenga, ndi kukhulupirira yankho lawo. Ayeneranso kukhala munthu amene wantchito angamuuze mosaopa kuti, 'Sindinamalize.' Kumene mawu amenewo amalangidwa koposa bodza, bodza lidzachuluka.

16. Kodi maprogramu olemba okha abweretsa chiyeso chotani?

16 Chiyeso chimodzimodzicho chavala malaya atsopano. Kuyambira chakumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, maprogramu a kompyuta okhoza kulemba masamba ambiri m'masekondi oŵerengeka afalikira. Angathandizedi pantchito zina. Komabe nzodziŵika kuti nthaŵi zina amapeka maina a mabuku ndi maumboni amene kulibeko, ndi kuzilemba mwachidaliro. Wophunzira amene watsala ndi usiku umodzi angakopeke kupereka zimenezo osazipenda. Koma dzina lokhala pamwamba pa pepalalo nlake, ndipo mlandu udzakhala wake. Nthaŵi imene chipangizo chapulumutsa pakulemba iyenera kubwezeredwa pakutsimikizira. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo palibe makina amene angadekhe m'malo mwa munthu.

17. Kodi kudekha kumasiyana motani ndi mantha?

17 Komabe kudekha kuli ndi chinzake chofanana nacho nkhope, ndicho mantha. Ena amaopa kulakwa kwambiri kwakuti amakonza ndi kukonzanso chiganizo chimodzi, nawonjezera buku lina loŵerenga, kufikira funso limene anali kufufuza litatha ntchito. Wodekha amadziŵa chimene akudikira, pamene wamantha amangothaŵa tsiku limene ena adzaweruza ntchito yake. Nsima yosaphulidwa imapserera, ndipo amene anali kuidikira amagona ndi njala. Wofufuza wodzichepetsa amavomereza kuti sadzanena mawu omaliza pankhani iliyonse. Amalemba zimene wapeza, amasonyeza poyera pamene umboni wake ukulekezera, ndi kupereka ntchitoyo kuti ena aipitirize.

Kutchinjiriza Maola Abwino

18. Kodi nchiyani chimene chimadodometsa kuganiza kozama lerolino?

18 Nanga kodi maola oŵerengeka abwinowo angatchinjirizidwe motani? Mdani wake wamkulu lerolino amakwana m'thumba. Gloria Mark, profesa wa pa University of California ku Irvine, anapeza kuti mu 2004 anthu a m'maofesi ankakhala pachinthu chimodzi pakompyuta kwa avareji ya mphindi ziŵiri ndi theka asanatembenukire ku china. M'kupima kwa zaka za pambuyo pake, nthaŵiyo inatsika kufika pa masekondi 47. Komatu lingaliro lozama silipsa pamoto wozimazima. Uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umaphula mphika, ndipo maganizo amafuna nthaŵi kuti aŵirenso. Chifukwa chake ambiri apeza kuti nkothandiza kusiya foni m'chipinda china kwa ola limodzi kapena aŵiri, ndi kuyankha mauthenga panthaŵi zoikika.

19. Kodi ntchito ingagaŵidwe motani kumene magetsi ali osadalirika?

19 Vuto la magetsi silili la ku Harare kokha. Anthu a ku Malaŵi analiona pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndipo a ku Zambia analiona m'chilala cha 2024. Wantchito wanzeru amagaŵa ntchito yake paŵiri. Ina imafuna magetsi ndi intaneti, monga kutaipa, kutumiza, ndi kufunafuna mabuku. Ina imangofuna pensulo, pepala, ndi kuŵala kwa dzuŵa, monga kuŵerenga, kusinkhasinkha, kulinganiza mfundo, ndi kulemba koyamba. Ndipotu mbali yachiŵiriyi ndiyo mtima wa ntchitoyo. Amene wakonzeratu zonse papepala amapindula ndi maola aŵiri a magetsi kuposa amene amayamba kuganiza nyale itayaka.

20. Kodi nchifukwa ninji kukana kuli kofunika, ndipo ndi chitsanzo chotani chimene chimasonyeza phindu la kulimbikira chinthu chimodzi?

20 Kutchinjiriza nthaŵi kumafunanso kulimba mtima kwa kukana. Misonkhano, masemina opereka ndalama za chakudya ndi malo ogona, ndi maganyu olemba malipoti zimakopa, makamaka pamene malipiro a pamwezi sakwanira, ndipo palibe amene ayenera kuweruza mnzake wofuna kudyetsa ana. Komabe ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ntchito zokhalitsa zimachokera m'kulimbikira chinthu chimodzi. Mu 1992 kagulu ka akatswiri a zinenero pa University of Zimbabwe, kotsogozedwa ndi Herbert Chimhundu, kanayamba kusonkhanitsa mawu a Chishona. Mu 1996 kanatulutsa Duramazwi reChiShona, dikishonale yoyamba yomasulira Chishona m'Chishona chomwe, ndipo yokulirapo inatsatira mu 2001. Mabuku otero amamangidwa liwu ndi liwu, tsiku ndi tsiku.

Kufunika kwa Uchikatikati

21, 22. Kodi nchifukwa ninji kupuma kuli mbali ya ntchito?

21 Kodi zimenezi zikutanthauza kuti wokhulupirika ndiye amene sapuma? Iyayi. Amene amachezera usiku ndi usiku amabwereka kwa thupi lake, ndipo thupi limalonjerera ngongole yake. Kufufuza kofalitsidwa mu 2000 kunasonyeza kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 kufikira 19 amachita zinthu zina mofanana ndi munthu amene wamwako moŵa. Kodi ndani angakonde kuti lipoti la matenda ake, kapena mayeso a mwana wake, zipendedwe ndi munthu wotero? Ngati magetsi akakamiza munthu kugwira ntchito usiku, tulo tiyenera kubwezeredwa masana popanda manyazi. Kupuma kuli mbali ya ntchito, monga momwe kunola khasu kuliri mbali ya kulima.

22 Ndiponso si nthaŵi yonse yooneka yopanda ntchito imene yatayika. Katswiri wa masamu wa ku France, Henri Poincaré, anasimba kuti yankho la vuto lina lovuta linamfikira mwadzidzidzi ali paulendo, pamene anali kukwera ngolo yonyamula anthu, maganizo ake ali kwina. Komabe linafika pambuyo pa masiku ambiri a kulimbana ndi vutolo patebulo. Chotero ola la m'kombi kapena la pamzera wa madzi lingabale zipatso kwa munthu amene wabzala kale kanthu m'maganizo mwake, ngati alola maganizowo kukhala chete.

23, 24. (a) Kodi ndi ngozi yotani imene ingagwere munthu wosunga nthaŵi? (b) Kodi uchikatikati ungapezeke motani m'banja ndi pakati pa anansi?

23 Palinso ngozi ina yobisika kwambiri. Munthu amene waphunzira kusunga nthaŵi angayambe kuona anthu monga zododometsa. Mnansi wodwala, mwana wofuna kusimba za kusukulu, maliro a pamsewu wachiŵiri, zonsezo zimakhala 'zotayitsa nthaŵi.' Koma ngati nthaŵiyo inabwerekedwa kwa anthu ameneŵa, kodi kuwamana kotheratu sikukhala kukana ngongole? M'komboni, mofanana ndi kumudzi, amene sapita kumaliro a anzake amadziŵa chimene chidzachitika tsiku limene zidzagwa pakhomo pake. Ndipo wofufuza za umphaŵi amene alibe mphindi ya mmphaŵi woima pakhomo pake waiŵala chifukwa chimene anayambira kufufuza.

24 Uchikatikati umapezeka mwa kukambitsirana. Mwamuna kapena mkazi amene akulemba angauze banja lake poyera maola amene afunikira kukhala yekha, utali umene makonzedwewo adzakhalapo, ndi nthaŵi imene idzakhala ya banjalo. Ndiyeno asunge mbali zonse ziŵiri za panganolo. Banja limene laona kuti 6 koloko madzulo ikakwana buku limatsekedwadi silivutika kulemekeza chitseko chotsekedwa cha mmamaŵa. Mofananamo, kupempha mnansi mwaulemu kuti abwere madzulo si mwano, malinga ngati madzulowo adzapezadi mpando ndi khutu lomvetsera.

25. Kodi nthaŵi ya wofufuza njayani, ndipo ndani angagone mtima uli m'malo?

25 Nangano, kodi nthaŵi ya wofufuza njayani? Ili m'manja mwake, koma eniake ngambiri: mayi amene anasiya malonda kuti ayankhe mafunso, gogo amene mawu ake sanalembedwebe, banja limene linatsitsa mawu, ndi woŵerenga amene adzakhulupirira zolembedwazo popanda njira yozitsimikizira. Palibe mmodzi wa iwo amene adzaona mmene maola a usiku aja anagwiritsidwira ntchito. Chikumbumtima chokha ndicho mboni. Amene amayamba ndi chofunika koposa, nalonjeza zotheka, nakana kuphika, nadziŵanso potsekera buku, angagone mtima uli m'malo, kaya magetsi abwera kapena ayi. Ndipo pamasika adzakhala ndi chobweza kwa awo amene anambwereka mbewu.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nchifukwa ninji nthaŵi ya wantchito wa maganizo ingatchedwe yobwereka?

□ Kodi ndi funso lotani limene limathandiza posankha ntchito yoyamba?

□ Kodi kuŵerengera masiku molakwa kungatsogolere motani ku chinyengo?

□ Kodi maola abwino a tsiku angatchinjirizidwe m'njira zotani?

□ Kodi nchifukwa ninji kupuma ndi kusamalira anthu sikuli kutaya nthaŵi?